Amayi analukira bondo langa kazitape

Adokotala a mafizo anali ndi kachipangizo kapulasitiki, timarula tiwiri togwirizidwa ndi kabatani pakati. Ndikafika ankandigoneka chagada pabedi, kabatani kaja n'kukaika pambali pa bondo, rula ina kuloza kuntchafu, inayo kuloza kukakolo. “Pindani, aphunzitsi. Pindanibe. Basi, imani pomwepo.” Akatero n'kusuzumira pa timizere, n'kulemba nambala m'kabuku kanga ka kuchipatala. Dzina lake akuti ndi goniometer, koma kwa ine wophunzitsa Physics inali chabe protractor yomera miyendo, yonga ija ana a Fomu 1 amataya teremu isanafike n'komwe pakati.

Tsiku lomwe anandichotsa chikhakha nambalayo inali 40. Ndinali nditagwa pa kabaza wa njinga yamoto mvula itangokata, pamalo paja phula limathera n'kuyamba dothi lofiira loterera, ndipo mwendo unakhala chiwongokere masabata asanu ndi limodzi. Bondo likakhala choncho limaiwala ntchito yake. Madigiri 40 sakwanira ngakhale pa kuyenda wambaku, komwe kumafuna pafupifupi 60. Kudzuka pampando kumafuna cha m'ma 90. Koma ine mtima unali pa nambala ina yomwe sindinkaitchula chifukwa cha manyazi: kuti munthu anyonyomale mpaka pansi pamafunika madigiri 130 kapena kuposa. Anzathu a zimbudzi zokhalira, bondo likafika 110, angathe kunena kuti achira. Ife a chimbudzi chokumba, ife onyonyomala popereka moni kwa apongozi, ife ochezera pamphasa usiku wonse pamaliro, pa 110 ulendo umakhala ukadalipo.

Ulendo uliwonse funso linali lomwelo. “Mafizo aja mukupanga kunyumba? Katatu pa tsiku?” Ine ndinkayankha ndi nkhope ya mkulu wa mpingo: “Ndikupanga ndithu, adokotala.” Linali bodza lamkunkhuniza. Ndinkalimbikira tsiku limodzi kapena awiri ndisanapite kuchipatala, ngati mwana wokopera notsi usiku chifukwa mawa aphunzitsi ayendera makope. Masiku enawo bondo likapweteka ndinkangolisiya. Iwo ankadziwa. Munthu woona mawondo ambirimbiri pa sabata sanganamizidwe ndi mphunzitsi mmodzi. Koma akanatani? Ankandiona mphindi khumi pa masabata awiri alionse, panja pali mzere wa anthu a sitiroko, ana obereka kumbuyo, agogo omwe agulitsa nkhuku kuti apeze ya minibasi. Zomwe bondo langa linkachita masiku 13 otsalawo palibe ankaziona.

Ndinakachirira kwa Amayi ku Zomba. Tulo tinkavuta, choncho ndinkagula bandulo ya usiku n'kumawerenga pa foni za momwe anthu kwina amayezera kayendedwe ka thupi. Njira yodalirika kwambiri ndi ya makamera: munthu amamumata timipira tonyezimira m'malo olumikizana mafupa, n'kuyenda m'chipinda chozunguliridwa ndi makamera, onga omwe imapanga kampani ya Vicon ya ku Oxford. Opanga mafilimu ndi magemu amagwiritsa ntchito zomwezo. Imayeza molondola zedi, koma ndi chipinda, ndipo munthu sakhala m'chipinda cha makamera. Njira ina ndi ya timabokosi: suti ya Xsens, ya ku Enschede m'dziko la Netherlands, imakhala ndi timabokosi 17 tomangirira pathupi, ndipo m'kati mwa kalikonse muli tizipangizo tonga tija timachititsa kuti chithunzi pa foni chitembenuke ukaipendeketsa. Tizovala tija osewera mpira amavala m'kati mwa yunifomu, tomwe anyamata ku malo oonetsera mpira amaseka kuti ndi makamisolo, tili m'gulu lomweli: nsaluyo ndi thumba chabe, chogwira ntchito ndi kabokosi kali pakati pa mapewa.

Chomwe chinandidzutsa n'kukhala tsonga ndi njira yachitatu, pomwe nsalu yeniyeniyo ndiyo sensa. Palibe kabokosi pabondo. Ulusi womwewo ndi womwe ukumva kuti mwendo wapinda. Ndinagwera pa tsamba la amayi awiri, Hannah Perner-Wilson ndi Mika Satomi, omwe amadzitcha Kobakant, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuonetsa poyera momwe munthu angalukire kapena kusokera masensa ndi manja ake. Ndikuona zithunzi zawo, m'chipinda chinacho munkamveka khwee, khwee, makina a Amayi.

Amayi akhala akuluka majuzi a ana a sukulu kuyambira ine ndili ku pulayimale. Makina awo ndi aja okankha ndi dzanja, kangolo kake kamayenda uku ndi uku pamwamba pa mzere wa singano. Mwezi wa May ukayamba sagona, chifukwa makolo onse a ku Zomba amakumbukira tsiku limodzi kuti June akubwera. Fizi yanga ya ku koleji inachokera m'makinawo, koma kunena zoona ndinali ndisanawayang'anepo ngati chinthu choti ndingaphunzirepo kanthu.

Mlongo wanga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Ndinamutumizira chithunzi cha ulusi womwe ndinkafuna, iye n'kuyankha kuti ngoziyo mwina inafikanso kumutu, komabe anagula, n'kupatsira mnzake wobwera ku ukwati. Inali mipukutu iwiri ya ulusi wotuwa. Amayi anautenga, kuupotokola pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kuununkhiza, kenaka kuukoka mpaka unaduka.

“Ulusi wanji uwu wolasalasa? Juzi ya ulusi uwu mwana angaivule asanafike pamsewu.”

Ndinawafotokozera kuti kulasako ndi chitsulo. Ulusiwo ndi wa polyester wosakaniza ndi tizingwe tatifupitifupi ta chitsulo chosachita dzimbiri, topyapyala kuposa tsitsi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Magetsi amadutsa podumpha kuchoka pa kachingwe kena kufika pa kanzake. Ulusi ukakhala wolekerera, tizingweto timangokhudzana apo ndi apo, magetsi n'kumavutika kupeza njira. Ukaukoka timapanikizana, njira n'kuchuluka. Kuvutika kwa magetsi kumeneku ndi komwe m'kalasi timati resistance, ndipo timakuyeza ndi multimeter. Mu nsalu yoluka zimachita kuwirikiza, chifukwa nsalu yoluka ndi timphete ta ulusi tokolanakolana, ndipo ukaitamula timpheteto timafinyana pomwe takolanapo.

Amayi sanayankhe. Anakoleka ulusiwo pamakina limodzi ndi wa juzi, khwee, khwee, ndipo tiyi asanazizire anandiponyera kansalu kotalika ngati dzanja, mulifupi zala zitatu. Ndinakapana ndi mawaya a multimeter uku ndi uku, tili pakhonde. Nditakoka, nambala inatsika. Nditasiya, inakwera. Ndinakokanso pang'onopang'ono, nambala n'kumatsikanso pang'onopang'ono ngati ikutsata dzanja langa.

“Tabweretsa,” anatero Amayi. Anakoka okha, maso ali pa multimeter. Anakoka chopingasa, anakoka cham'mbali, anakapinda pawiri, anakafinya m'manja ngati akufinya chinangwa chonyika. Kenaka anati, “Chopingasa chikumva bwino kuposa chotalika.” Ine ndinali ndisanaganize n'komwe zoti nsalu ili ndi mbali. Kwa munthu woluka ndi chinthu choyamba kudziwa: nsalu yoluka imatamuka kwambiri chopingasa kusiyana ndi chotsika.

Madzulo amenewo ndinachita zomwe aphunzitsi timachita tikaona kuti tikupambanidwa: ndinayamba kuphunzitsa mbiri. Ndinawauza za Joseph Marie Jacquard wa ku Lyon m'dziko la France, yemwe mu 1804 anakonza makina owombera nsalu otsogozedwa ndi makadi obowola, kabowo kapena kupanda kabowo n'kumauza makina ulusi woti ukwere, ndi kuti nzeru ya makadi imeneyi inadzalowa m'makompyuta oyambirira. Ndinawauza kuti malamulo oyendetsera kompyuta ya zombo za Apollo zopita kumwezi analukidwa ndi manja, ndi amayi ogwira ntchito ku kampani ya Raytheon: waya akadutsa m'kati mwa kamphete ka maginito ndiye 1, akalambalala ndiye 0. Ndinafika pa Sundaresan Jayaraman ndi anzake a ku yunivesite ya Georgia Tech ku America, omwe mu 1996 anayamba kuwomba malaya a msilikali okhala ndi tizingwe todutsa kuwala, kuti chipolopolo chikadula kachingwe, adokotala adziwe pomwe chalowera. Chaka chotsatira, ku yunivesite ya MIT ku America komweko, Maggie Orth ndi Rehmi Post anapeta mabatani oimbira nyimbo pa jekete ya jinzi ndi ulusi wodutsa magetsi. Ndinamaliza ndi David Saint-Jacques wa ku Canada, yemwe mu 2019 anavala malaya oyeza mtima ndi kapumidwe ali m'mlengalenga pa International Space Station, malaya opangidwa ndi kampani ya ku Montreal yomwe imapanga Hexoskin.

Amayi anamvetsera zonsezo akusokerera mkono wa juzi. Funso lawo linali limodzi: “Amayi a kumweziwo anawalipira bwino?”

Mawa lake tinapanga choyamba. Ndinadula mwendo wa thalauzi yothina ya pa kaunjika, Amayi n'kusokerera kansalu kaja kutsogolo kwake, pomwe khungu limatamuka kwambiri bondo likapinda. Ndinajambula protractor yaikulu pa katoni, mdzukulu wa Amayi wa Sitandade 7 n'kukhala mlembi. Ndikapinda madigiri 10 iye ankalemba nambala ya pa multimeter, ndikafika 20 n'kulembanso, mpaka pomwe bondo linkakanira. Tinapeza tebulo lokongola. Ndinajambula girafu, mzere wake wotsetsereka bwino, woti ndikanaupachika m'kalasi. Usiku umenewo ndinagona ndikudziona ndili pa wailesi.

Kutacha ndinavalanso, ndipo palibe nambala ngakhale imodzi yomwe inagwirizana ndi tebulo. Mwendo uli wowongoka, multimeter inkanena kuti ndapinda 30. Ndinayenda kuchoka pakhonde kufika pamtengo wa mapeyala n'kubwerera, nambala zinasinthanso. Ndinakayikira batire. Ndinakayikira mawaya. Ndinakanda tizitsulo topanira ndi mpeni, kuganiza kuti mwina tachita dzimbiri. Amayi ankangondiyang'ana kuchokera pamakina, mpaka anatopa nane.

“Taimirira. Dzulo kansaluka kanali apa.” Anandigwira pamwamba pa bondo. “Lero kali apa, katsika zala ziwiri, ndipo kapendekera kunja. Iwe ukuti ukuyeza bondo. Ukuyeza nsalu. Bondo ndi nsalu zikasemphana, makina akowo amvera nsalu.”

Ndawerenga zolemba zambiri za akatswiri pa nkhaniyi kuchokera tsiku limenelo, ndipo vuto lomwe amalimbana nalo kwambiri ndi lomweli, kungoti amalinena m'mawu aatali. Sensa ya nsalu sidziwa kuti kuli fupa. Imadziwa kutamuka kwake kokha. Pakati pa fupa ndi ulusi pali mnofu womwe umatupa ndi kuphwa, pali khungu lomwe limatsetsereka pamwamba pa mnofu, pali chovala chomwe chimatsetsereka pamwamba pa khungu. Chovala chothina chimayeza bwino koma munthu amachivula dzuwa lisanafike paliwombo. Chomasuka amachikonda koma chimanama. Ofufuza ambiri masiku ano amathamangira ku kompyuta: amavalitsa munthu chovalacho m'chipinda cha makamera chija, kompyuta n'kuphunzira kuti nambala yakuti ya nsalu ikutanthauza madigiri akuti. Zimathandiza, koma zomwe yaphunzira pa mwendo wa munthu mmodzi sizikwanira bwino pa wina, ngakhale pa yemweyo akavala mopendeketsa. Maganizo anga, ndipo sindibisa, ndi akuti ambiri mwa mavutowa amawapititsa kwa katswiri wa kompyuta pomwe anayenera kuyamba apita kwa telala.

Amayi anataya mwendo wa thalauzi uja. Anatenga tepi yawo n'kundiyeza malo atatu: pantchafu, pabondo penipeni, ndi pamwamba pa katumba. Anayeza mwendo uli wowongoka, n'kuyezanso nditapinda, chifukwa, anati, mwendo wopinda ndi mwendo wina. Analuka chovala chatsopano chonse pamakina, ulusi wachitsulo uja n'kuulowetsa m'kati mwa nsalu yeniyeniyo m'malo mousokerera pamwamba. Kumtunda ndi kumunsi anaika ribi yolimba yonga ya kumapeto kwa mkono wa juzi, yosakaniza ndi lasitiki wopyapyala, ndipo ya kumunsiyo anaikhazika pomwe mwendo umayamba kunenepa kupita ku katumba kuti isapeze potsetserekera. Kumbuyo kwa bondo anachepetsa mizere kuti nsalu isamaunjikane n'kundipana. Pozungulira fupa la pabondo anapeta mphete ya ulusi wofiira: “Fupa lizikhala m'kati mwa mpheteyi tsiku lililonse. Likatuluka, wavala molakwika.” Ndipo anachilukira chofupikirapo dala, kuti kansalu ka kutsogolo kazikhala kokokeka pang'ono ngakhale mwendo uli wowongoka. Chifukwa chake ndinachimvetsa pambuyo pake: kansalu kolekerera sikamva madigiri oyambirira, kamayamba kaye kawongoka makwinya ake bondo litapita kale.

Ofufuza a ku yunivesite ya Pisa ku Italy, gulu la Danilo De Rossi ndi Alessandro Tognetti, anapeza njira ina yochenjera yomwe ndimaisirira. Amasanjikiza nsalu ziwiri zoterezi, pakati n'kuikapo ina yosadutsa magetsi. Bondo likapinda, yakunja imatamuka kuposa yam'kati, ndipo chomwe amawerenga ndi kusiyana kwa ziwirizo. Chovala chikangokokeka osapinda, zonse ziwiri zimasintha mofanana, kusiyanako n'kukhala chimodzimodzi. Nditawafotokozera, Amayi anangoti ndi zomwe zimachitika ndi kolala ya nsalu ziwiri, n'chifukwa chake yam'kati amaidula yocheperako.

Chovala chatsopanocho chinasiya kuyendayenda, koma chinaulula vuto lina lomwe loyamba lija linkabisa. Pa madigiri 60 popinda, nambala inali ina. Pa 60 yemweyo powongola, inali inanso. Ndipo ndikangoima chilili osagwedezeka, nambala inkapitirizabe kuyenda yokha pang'onopang'ono ngati nkhono. M'mabuku zimenezi zili ndi mayina ake, hysteresis ndi drift. Amayi anati ulusi umatopa. “Khosi la juzi mwana akalikoka silibwerera nthawi yomweyo. Limabwerera likagona.” Timphete tija tikafinyana sitimasukana msanga, timagwiranabe kwa kanthawi. Pofuna kuthawa vutoli ena anasiya kuyeza resistance. Kampani ya StretchSense ya ku Auckland m'dziko la New Zealand imapanga masensa a mphira wofewa wosanjikizidwa, omwe amayeza kuchuluka kwa magetsi omwe mphirayo ingasunge ikatamuka, ndipo amawaika m'magolovesi otsata kayendedwe ka zala. Amabwerera m'malo mwake mokhulupirika kuposa ulusi. Koma mphira salukidwa pamakina a Amayi, ndipo mpweya sudutsamo.

Za mpweyazi si nkhani yaing'ono. Kunja kukatentha thukuta linkalowa mu ulusi, ndipo thukuta ndi madzi amchere, omwe amadutsa magetsi okha. Nambala zinkatsika ine ndili phee pampando. Pakutha pa sabata chovalacho chinayamba kumveka fungo loti ngakhale galu wa pakhomo ankachilambalala, ndipo mlembi wanga wa Sitandade 7, mwa ufulu wake, anachitenga limodzi ndi masokosi, kuchipaka sopo, kuchimenya pamwala, kuchifinya mopotokola, n'kuchiyanika padzuwa. Ulusi unapirira. Pomwe panaduka ndi pomwe ulusi wofewa unkakumana ndi waya wolimba. Pamenepo ndi pomwe zovala zoterezi zimafera kawirikawiri, ngakhale za m'mafakitale. Ndipo omwe amagwiritsa ntchito ulusi wa nayiloni wokutidwa ndi siliva, womwe umadutsa magetsi bwino kuposa wathuwu, amalimbana ndi vuto lina: silivayo imasupuka pang'onopang'ono ndi kuchapa, kukhuzika ndi mankhwala oyeretsera.

Pofuna kutonthoza mwanayo, yemwe anali atayamba kale kulira, ndinamuuza nkhani ya Google. Mu 2015 analengeza ntchito yotchedwa Jacquard, dzina la mkulu wa ku Lyon uja, ndipo mu 2017 anatulutsa jekete limodzi ndi kampani ya zovala ya Levi's, lomwe kumapeto kwa mkono wake kunali ulusi womva kukhudza: ukasisita, foni n'kusintha nyimbo. Mtengo wake unali madola 350. Ndipo ogula anauzidwa kuti likhoza kuchapidwa mpaka maulendo 10. Amayi anasiya makina n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. “Khumi? Ndiye kuno likanafika Khirisimasi?” Kenaka anatsegula kachitini kawo ka mabisiketi momwe mumakhala chilichonse kupatula mabisiketi, n'kutulutsa timabatani tachitsulo tophanitsa, tija amaika pa zovala za makanda. Anasokerera tiwiri kumapeto kwa ulusi wachitsulo, ine n'kuwotcherera anzake ku mawaya. Kuyambira pamenepo, pochapa tinkangophanula.

Ndinapita nacho kuchipatala monyadira, girafu ili m'manja. Adokotala anayang'ana chovalacho, anayamikira ribi, n'kundigoneka pabedi monga mwa nthawi zonse. Goniometer yawo inati 85. Tebulo langa linati 70, ndipo titabwereza linati 95. Sanandiseke, ngakhale mpata unalipo.

“Aphunzitsi, madigiri ndili nawo kale, ndipo kapulasitiki kangaka sikafuna batire. Chomwe ndilibe ndi china. Chingandiuze kuti Lachiwiri munapinda kangati?”

Ndinakhala chete, chifukwa yankho linali lakuti inde, ndipo ndinadziwa komwe yankholo likundipititsa. Kuyeza madigiri molondola ndi kovuta kwa nsalu. Kuwerenga kuti mwendo wapinda n'kuwongoka ndi kosavuta: nambala ikatsika kwambiri n'kukweranso, ndiye kamodzi. Kutopa kwa ulusi, thukuta, kutsetsereka pang'ono, zonsezo sizisokoneza kwenikweni kuwerenga kotere. Ndinali ndi kabolodi ka Arduino, kakompyuta kakang'ono ka kalabu ya sayansi ya kusukulu, ndi kasikirini kakang'ono ngati bokosi la machesi. Madzulo awiri anakwana. Ndinakaika m'kathumba komwe Amayi anasokera palamba, n'kumakadyetsa moto wa power bank, yomwe tinkalimbirana ndi foni magetsi akathima.

Sabata yoyamba nambala za pa kasikirini zinaonetsa choonadi chonse. Lolemba 90. Lachiwiri 60. Lachitatu 0. Lachinayi 0. Choipa kwambiri n'chakuti wowerenga sanali adokotala, omwe ndinkawaona kamodzi pa masabata awiri. Anali Amayi. Madzulo alionse asanapakule nsima ankatambasula dzanja: “Tione kazitape wathu wanena chiyani lero.” Nambala ikachepa sankakalipa. Ankangoika chipande pansi n'kukhala pampando kudikira. Munthu wa zaka zanga, wolemba ana a eni m'buku la ochedwa, ndinkapinda bondo pamphasa nsima ikuzizira mumphika. Ndinayesapo kubera tsiku lina, kuvula chovalacho n'kumachikoka ndi manja kuchipinda. Anandigwira chifukwa nambala inafika 200 pa mphindi zochepa, pomwe nkhope yanga inalibe ndi thukuta lomwe.

Zinandithandiza, sindikana. Koma kuyambira pamenepo sindiwerenganso malonda a zovala zoterezi ndi mtima umodzi. Kazitape wanga analibe intaneti, ndipo ankanena kwa munthu mmodzi, yemwenso ankandiphikira. Zogulitsa m'masitolo zimatumiza zonse ku foni, foni n'kutumiza ku makompyuta a kampani kutsidya kwa nyanja. Chovala chodziwa kuti wawerama kangati chingateteze msana wa wonyamula matumba, ndipo chovala chomwecho chingauze kapitawo kuti unakhala pansi mphindi zingati. Ndikaganiza za othyola tiyi, kapena anyamata otsitsa feteleza pa lole, sindikayika kuti kasikiriniko kangakhale m'manja mwa ndani. Palinso china: Google inatseka pulogalamu ya Jacquard mu 2023, ndipo jekete lija la madola 350 linasanduka jekete wamba lokhala ndi mkono wolimba pang'ono. Juzi ya Amayi siifunsa chilolezo kwa aliyense kuti ifunditse mwana.

Sindikuyembekeza kuona masuti oyeza thupi lonse m'zipatala zathu posachedwa, ndipo sindikuona kuti ndi omwe tikusowa. Chomwe ndingakonde kuona ndi chinthu chaching'ono, chosanyada, chowerenga chinthu chimodzi chokha, chopirira mwala ndi sopo, cholukidwa pa muyeso wa munthu mmodzimmodzi ndi amayi a makina omwe ali kale m'tauni iliyonse, omwe malonda awo kaunjika anawadya theka. Ulusi wokhawo ndi womwe ungachokere kunja.

Tsiku lomwe ndinanyonyomala koyamba ndinalibe chovalacho. Chinali pachingwe, chikuuma. Ndinagwira chitseko cha kuseri ndi dzanja limodzi, kutsika pang'onopang'ono ndikudikira ululu womwe unabwera ndithu koma osandigwetsa, ndipo nditatuluka sindinauze aliyense. Amayi anaona okha momwe ndinayendera pobwerera.

Patapita masiku angapo ndinawapeza akumasula chovala chija, ulusi wotuwa akuukulunga pa chitsononkho. Ndinadandaula kuti ndinkafuna kukaonetsa ana kusukulu. Anati ana ndikawaonetse girafu. Azakhali anga a ku Jali anadwala sitiroko chaka chatha, ndipo poyenda amakoka phazi lamanzere, osaponda ndi chidendene. Ndinali nditawauzapo Amayi za masokosi a kampani ya Sensoria ya ku America, okhala ndi masensa atatu a nsalu kunsi kwa phazi omva pomwe munthu akupondera, ndipo ndinkaganiza kuti sanamve chifukwa makina ankalira.

“Loweruka upite ukawayeze phazi,” anatero, maso ali pa chitsononkho. “Osati ndi katoni yako ija. Utenge tepi yanga. Ndipo uwayeze ataimirira, wina atawagwira. Phazi la munthu wokhala pansi limanama.”